Za Magazini a Atsikana ndi Msinkhu wa Owawerenga

M'Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko muli atsikana awiri okhala moyandikana, wina m'mutu 5, wina m'mutu 6. Ndipo ngakhale maina ao sanalembedwe, mlembiyo anawachula onse awiri ndi liu limodzi la Cigriki, ndilo korasion, kunena kamtsikana kongoyamba kusinkhuka. Woyamba ndiye mwana wa Yairo, mkulu wa sunagoge. Anali wa zaka 12, nadwala, namwalira atate wace asanafike ndi Ambuye Yesu kunyumba. Pofika, Ambuye anapeza phokoso la olira maliro, ndipo pamene anawauza kuti imfayo siinali yotsiriza, iwo anamseka. Pamenepo anawatulutsa onse, nalowa m'cipinda ndi atate ndi amai a mwanayo, ndi ophunzira atatu okha. Anamgwira dzanja, mwana nauka, nayenda. Ndipo cotsiriza cimene Ambuye analamula m'nyumba muja cinali cinthu ca masiku onse, ndico kuti mwanayo apatsidwe cakudya.

Waciwiri ndiye mwana wa Herodiya. Iyeyu sanali m'cipinda ca makolo koma pa phwando la mfumu. Herode anakonza madyerero pa tsiku la kubadwa kwace, naitana nduna zace, akulu a asilikari ndi anthu omveka a ku Galileya. Ndipo mtsikanayo analowa, nabvina pamaso pa amuna onsewo. Mfumu inakondwera, nilumbira kumpatsa ciri conse akapempha, ngakhale theka la ufumu. Mwanayo sanadziwe copempha, pakuti anali mwana. Anatuluka kukafunsa amai wace, ndipo uphungu umene analandira unali wakuti apemphe mutu wa Yohane Mbatizi. Anampatsa mutuwo m'mbale, iye naunyamula kunka nao kwa amai wace. Atsikana onse awiri analandira kanthu m'manja kucokera kwa akulu, ndipo palibe mmodzi wa iwo anadzisankhira yekha.

Funso la cimene akulu aika m'manja mwa kamtsikana silinathe ndi masiku a Herode. Kwa zaka zoposa 80 labvuta makolo a ku America ndi ku Britain pa nkhani ya magazini a atsikana, ndiwo timabuku ta zithunzi-thunzi totuluka sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, tonena za zobvala, za kudzikongoletsa, za oimba omveka ndi za zibwenzi. Wowerenga wa ku Katete kapena ku Chadiza angathe kunena kuti iyi ndi nkhani ya kutsidya kwa nyanja, yosakhudza mwana wopita kudimba. Komatu zimene zinayamba pa pepala kumeneko ziri lero m'foni ya m'manja, ndipo foni yafika kale m'mudzi. Cifukwa cace nkwabwino kudziwa umo zinthu izi zinayambira, ndi amene apindula nazo.

Magazini yoyamba yomveka ya mtundu umenewu inali Seventeen, imene inatuluka ku New York mwezi wa September caka ca 1944. Mkonzi wace woyamba, mai Helen Valentine, anali ndi cifuniro cabwino ndithu: anafuna kulankhula ndi atsikana monga anthu anzeru, okhoza kuganizira za maphunziro, za nchito, ndi za dziko limene linali pa nkhondo masiku aja. Koma magazini siikhala ndi moyo ndi ndalama za ogula okha. Mtengo umene mtsikana alipira pa sitolo sukwanira pepala, inki, osindikiza ndi olemba. Ndalama zambiri zicokera kwa eni malonda, amene agula malo m'masamba kuti aonetsepo katundu wao. Pofuna kukopa eni malondawo, mai Estelle Ellis, wogwira nchito pa magaziniyo, anapeka mtsikana wa m'maganizo dzina lace Teena, nafotokozera amalonda zimene Teena akonda, ndalama zimene ali nazo, ndi umo akokera anzace ndi makolo ace pogula zinthu. Tsono magazini igulitsidwa kawiri. Igulitsidwa kwa mtsikana. Ndipo mtsikanayo, ndi maso ace ndi tindalama tace, agulitsidwa kwa eni malonda.

Wogulitsa mafuta a nkhope sapindula kanthu ndi mtsikana wokhutira ndi nkhope imene Mulungu anampatsa. Cotero masamba ambiri a magazini otere, ngakhale mulibe liu limodzi lonyansa, aphunzitsa mwana pang'ono-pang'ono kuti thupi lace liri loperewera: tsitsi lace, khungu lace, kunenepa kwace kapena kuonda kwace. Akulu amene anawerengapo Drum, magazini ya ku Johannesburg yolembedwera anthu aakulu, imene inafika m'matauni a dziko lino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, akumbukira malonda a mafuta oyeretsa khungu, ndi umo anaphunzitsira akazi akuda kucita manyazi ndi kuda kwao. Makolo anati, cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano zithunzi zikonzedwa pa kompyuta, ciuno nicicepetsedwa, zipsera nizifafanizidwa, kufikira munthu wa pa cithunzi sakhala konse pa dziko lapansi. Caka ca 2012 mtsikana wina wa zaka 14 wa ku Maine, m'dziko la America, anasonkhanitsa maina a anthu oposa 80,000 opempha Seventeen kuti idzionetsa atsikana monga ali. Ndipo mwezi wa July caka comweco akonzi analonjeza poyera kuti sadzasintha maonekedwe a thupi kapena a nkhope ya mtsikana pa zithunzi zao. Nkoyenera kuzindikira kuti woyambitsa pempholo anali mwana, si akulu iai.

Pali cinthu cina cimene osindikiza acidziwa bwino-bwino, koma makolo ambiri sacidziwa. Dzina lakuti Seventeen litanthauza zaka 17. Ndipo ku Britain caka ca 1983 kunatuluka inzace yochedwa Just Seventeen. Munthu angaganize kuti owerenga ace ndiwo anamwali a zaka 17. Si tero. Mtsikana wa zaka 12 kapena 13 alakalaka kukhala wa zaka 17, ndipo agula magazini imene imlonjeza zimenezo. Pamene wa zaka 17 weniweni wapita kale ku magazini a akazi aakulu. Ciwerengero ca pa cikuto cigwira nchito ya nyambo. Momwemonso magazini yochedwa More!, imene inayamba caka ca 1988, inalembedwera akazi acitsikana osinkhuka, ndipo inali ndi tsamba la zojambula zoonetsa njira za kugonana. Koma inaikidwa m'sitolo pamodzi ndi magazini a ana a sukulu, ndipo ana a sukulu anaigula.

Ngakhale ziri tero, Mkristu asafulumire kunena kuti zonse za m'magazini amenewa zinali zoipa, pakuti kunena mopitirira coonadi nako ndi bodza. Ku Dundee, m'dziko la Scotland, kampani ya D. C. Thomson inayamba magazini yochedwa Jackie mwezi wa January caka ca 1964, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inagulitsa makope oposa 600,000 pa sabata. Tsamba limene atsikana anayamba kulitsegula linali la makalata, loyankhidwa ndi akazi awiri ochedwa Cathy ndi Claire. Akazi awiriwo kunalibe. Anali maina cabe, ndipo oyankha anali anchito a kampaniyo. Atsikana analembera ku keyala ya ku London, makalata natumizidwa ku Dundee, mazana-mazana sabata iri yonse. Anafunsa za ziphuphu, za kusungulumwa, za mnyamata wosawayang'ana. Koma anafunsanso za kusintha kwa thupi, za kumwezi, ndi za mantha a mimba, kotero kuti caka ca 1974 magaziniyo inaonjeza tsamba lina loyankha za umoyo.

Woganizira makalata amenewo akumbuke mkazi uja wa m'mutu 5 womwewo wa Marko, amene anataya mwazi zaka 12, ndiye kuti zaka zonse za moyo wa mwana wa Yairo. Nthenda yace inali ya manyazi, yosachulika pagulu; cotero anadzera kumbuyo, m'kati mwa khamu, nakhudza cobvala ca Ambuye mobisika, ndipo atazindikirika anadza alikunthunthumira. Ambuye sanamdzudzule cifukwa ca kudzera kumbuyo. Anamucha mwana wace, namlola kupita ndi mtendere. Mtsikana wolembera kalata anthu osawadziwa, wobisa dzina lace, wofunsa za thupi lace kwa mlendo wa mzinda wakutali, adzera kumbuyo momwemo. Funso lace liri loona, ndipo alitumiza kutali cifukwa pafupi palibe amene angamfunse wopanda kukalipiridwa. Ndipo pamene yankho la pa tsambalo linauza mwana wocitidwa zoipa ndi munthu wamkulu kuti mlandu suli wace, ndi kuti auze dokotala kapena munthu wina wokhulupirika, linacita nchito imene akulu a pakhomo anailekerera.

Cirema ca tsamba lotere ciri pena. Mtsikana wa zaka 16 alemba funso la msinkhu wace, mkonzi nayankha moona mtima monga kuyenera wa zaka 16. Koma yankho lisindikizidwa makope mazana a zikwi, ndipo liwerengedwa ndi wa zaka 11 yemwe, amene funsolo linali lisanalowe m'mtima mwace. Pepala liribe maso. Silidziwa ngati woligwira ali buthu kapena namwali, ngati wabwereka kwa mkulu wace kapena walitola pansi pa desiki. Ndiponso magazini apikisana. Imodzi ikalemba mosabisa, inzace iyenera kuposa pamenepo kuti ingatsale m'sitolo. Jackie inakana kutsata njira imeneyo, ogula nacepa, nitsekedwa caka ca 1993.

Mwezi wa February caka ca 1996 nkhaniyi inafika ku Nyumba ya Malamulo ya ku Britain. Phungu wina, Peter Luff, anapempha lamulo lakuti osindikiza adzilemba pa cikuto msinkhu woyenera kuwerenga magazini iri yonse yotere. Ena anatsutsa, nanena kuti cizindikiro ca msinkhu cidzangokopa ang'ono koposa, monga mwana athamangira mphika umene amletsa kubvundukula. Lamulolo silinakhazikitsidwe. M'malo mwace osindikiza anapangana okha, nakhazika caka comweco bungwe lochedwa Teenage Magazine Arbitration Panel, lakumva madandaulo a makolo. Malangizo ace anakhudza magazini amene gawo limodzi la magawo anai la owerenga ace, kapena kuposa, linali atsikana osakwana zaka 15. Ndipo anafuna kuti akonzi adzinena momveka kuti kugonana ndi mwana wosafika msinkhu wa lamulo ndi mlandu, ndi kuti adzilimbikitsa owerenga kufuna thandizo kwa makolo kapena akulu ena odalirika. Anali malangizo abwino. Koma nao anabvomereza mwakacete-cete kuti pepala silikwanira, popeza anabwezera mwanayo kwa munthu wamoyo.

Apa mai wa kumudzi adziwa cinthu cimene mkonzi wa ku London sangacicite. Marko sanalembe cakudya cimene anapatsa mwana wa Yairo. Koma mai ali yense amene analerapo wodwala adziwa kuti wongodzuka pa mphasa sayamba ndi nsima yolimba ndi nyama yootcha. Ayamba ndi phala, ndipo wopereka phalalo ayang'ana nkhope ya mwana kuti aone ngati alandira kapena akana. Paulo mtumwi anagwiritsa fanizo lomwelo polembera Akorinto, posiyanitsa mkaka wa makanda ndi cakudya cotafuna. Ndipo polembera Tito anaika nchito yophunzitsa akazi aang'ono m'manja mwa akazi aakulu a makhalidwe oyenera. Acewa ndi Ansenga nao anadziwa kuti mwambo uli ndi makwerero. Buthu anali ndi zace zomuuza. Wotha msinkhu anauza agogo ace kapena mkazi wina wamkulu, nalangizidwa za ukhondo ndi ulemu. Wolowa m'banja analandira mwambo wina. Ndipo wa mimba yoyamba analangizidwa pa cisamba. Nzeru ya makwerero amenewa inali yakuti wolangiza anamdziwa mwanayo, ndi amai wace, ndi tsiku limene anakula.

Koma mudzi usadzitame msanga. Uphungu woipa umene mwana wa Herodiya analandira sunacokere kwa mlendo. Unacokera kwa amai wace, m'nyumba ya kwao. Ndipo nkodziwika kuti m'zinamwali zina anamkungwi anasokoneza makwerero aja, naphunzitsa ana a zaka 12 kapena 13 mabvinidwe ndi macitidwe a m'cipinda ca okwatirana, nawatulutsa ndi mau akuti tsopano akula. Kumalo ena kunali ngakhale mwambo wa fisi. Izi siziposa tsamba la More! pa ubwino, ziliposa pa kuipa, popeza zidza ndi ulamuliro wa akulu amene mwana sangawatsutse. Mipingo inayesa kukonza zimenezi poika cilangizo ca Cikristu m'manja mwa alangizi. Koma cilangizo naco ciri ndi nthenda yace, ndiyo kuopseza m'malo mwa kufotokoza, ndi kucedwa. Kawiri-kawiri alangizi aitanidwa mwana atayamba kale kusanza m'mawa. Kufufuza kwa boma la Zambia kwa caka ca 2018 kunapeza kuti mwa atsikana 100 ali onse a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati. Ndipo ciwerengero ca kumidzi cinaposa ca m'matauni. Ambiri a ana amenewo sanagwirepo magazini ya atsikana ciyambire. Caka ca 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa, kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo wa makolo. Koma lamulo liletsa cabe, silikhala pa mphasa kuyankha funso la mwana.

Magazini ambiri ochulidwa pano anatha. Just Seventeen inatsekedwa caka ca 2004, Sugar caka ca 2011, Bliss caka ca 2014. Ndipo Seventeen inaleka kutuluka pa pepala mwa nthawi zace zokhazikika citatha caka ca 2018. Sanathe cifukwa makolo anapambana mlandu. Anatha cifukwa atsikana, ndi eni malonda pambuyo pao, anasamukira ku intaneti. Magazini yakale, ndi zirema zace zonse, inali ndi mkonzi wodziwika dzina ndi keyala, wokhoza kumlembera dandaulo. Ndipo inali ndi tsamba lotsiriza, pamene kuwerenga kunathera. Za m'foni ziribe tsamba lotsiriza. Facebook ndi TikTok anena kuti wolowamo akhale wa zaka 13 kapena kuposa, koma caka cobadwa alemba mwanayo yekha. Ndipo makina a m'katimo aonetsa munthu zambiri za mtundu umene anaimapo nthawi yaitali, osafunsa ngati anaima cifukwa ca kukondwa, kapena ca mantha, kapena ca kusamvetsa. Phwando la Herode lalowa m'thumba la yunifomu, ndipo kamtsikana kakhoza kubvina pamaso pa amuna osawerengeka kali kuseri kwa nkhokwe ya atate wace.

Tsono mwana akabwera ku holide, ndipo m'bokosi lace mukapezeka magazini yotere, kapena m'foni mwace mukaoneka zosayenera msinkhu wace, akulu acitenji? Kuponya pepala pamoto ndi kuphwanya foni kuphunzitsa mwana cinthu cimodzi cokha, ndico kubisa bwino ulendo wina. Ambuye asanamgwire dzanja mwana wa Yairo anayamba watulutsa khamu. Momwemonso nkhani yotere siyenera kukambidwa pa citsime, kapena pamaso pa alongo ace, kapena kucitidwa citsanzo pa msonkhano wa azimai. Pakhale mwanayo ndi munthu mmodzi kapena awiri amene awakhulupirira: agogo ace, kapena mlangizi wofatsa, kapena amai wace ngati mwambo wa banjalo ulola. Atate asaganize kuti alibe gawo. Yairo anali munthu waulemu wace, koma anagwa pa mapazi a Yesu pamaso pa anthu cifukwa ca mwana wamkazi, ndipo anali m'cipinda muja. Mwambo sulola atate kapena atsibweni kukamba za thupi ndi namwali. Koma ulola ndithu kuti alipire za sukulu, abweze wofunsira mbeta mwana akali m'kalasi, ndi kumlankhula mwanayo mau oyamikira, kuti asakayambe kuwamva kwa mlendo wa pa foni.

Wolangizayo atenge magaziniyo, aitsegule pamodzi ndi mwana. Ngati sadziwa Cingerezi, mwanayo amwerengere ndi kumasulira. Pomasulira padzaoneka zimene wamva ndi zimene sanamve. Awerenge pamodzi masamba a malonda, kuti aone ali angati mwa masamba onse, ndipo afunse kuti analipira ndani, nafuna ciani. Pofika pa tsamba la makalata asalumphe. Afunse mofatsa kuti, mwana wanga, mwa mafunso awa liripo limene nawenso unafuna kufunsa kodi? Ndipo adikire, pakuti yankho silidza msanga. Za thupi ndi za kumwezi ayankhe zoona, ndi maina ace enieni, wopanda nthano zoopseza zimene mwana wa sukulu adzazizindikira kuti ziri zabodza, nataya nazo pamodzi ndi zoona zomwe. Cimene wolangiza sacidziwa asapeke. Apite naye kwa namwino ku cipatala. Ngati mwana aulula kuti munthu wamkulu anamgwira, kaya mphunzitsi, kaya mbale, kaya wa mu mpingo, nkhaniyo isathere pa mphasa ndi mbuzi ya cipepeso. Ipite kwa apolisi ndi ku cipatala. Funso lina lidzapezeka loposa msinkhu wa mwanayo. Pamenepo wolangiza asaname kuti palibe yankho, koma anene poyera kuti lidzayankhidwa, nachule nthawi yace, monga pa holide ya December; ndipo nthawiyo ikakwana, amuitane mwanayo iye mwini, wosadikira kukumbutsidwa.